PAGALAJA: Ma shock a galimoto yakale pa misewu ya ku Mulanje



Mwa makalata amene talandira m'miyezi itatu yapitayi muli ya m'bale wathu wina amene amapikula usipa ndi utaka wouma ku Mangochi n'kukagulitsa ku Chitakale ndi ku Limbuli m'boma la Mulanje. Galimoto yake ndi pikiapu ya Peugeot 504 imene adamusiyira malemu bambo ake, Allah awachitire chifundo. Akuti injini ikadali ndi mphamvu zake, koma galimotoyo ikangoponda bampu imayamba kuvina ngati bwato pa mwera. Tsono wogulitsa zipangizo wina wamulangiza kuti agule ma shock absorber olimba zedi, a galimoto ina yaikulu, ati kuti azitha kuwonjezera matumba ena atatu paulendo uliwonse. M'baleyu akufuna kudziwa ngati langizoli n'loona.

Si loona, m'bale wanga, ndipo mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Paja safunsa adadya phula.

Chimene chimasenza katundu pa galimoto ndi sipuling'i, osati shock. Kumbuyo kwa pikiapu yanuyo kuli masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana, ndipo kutsogolo kuli opiringizika aja. Amenewa ndiwo amanyamula inu, banja lanu ndi nsomba zanu. Vuto la sipuling'i ndi lakuti ikapanikizidwa n'kumasuka siidziwa kuleka, imanjanja n'kunjanjanso. Shock ndi imene imaikhazika mtima pansi. Mkati mwake muli oyilo ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono. Tayala likakwera kapena kutsika, pisitoniyo imakankha oyilo kuti adutse m'timabowomo, koma oyilo safuna kuthamangitsidwa. Inu a kunyanja nkhaniyi mukuidziwa kale: nkhafi mukaiyendetsa pang'onopang'ono m'madzi imangodutsa, koma mukaikoka mwaphuma madzi amalimba ngati phala. Mphamvu ya kunjanja ija imathera m'menemo n'kusanduka kutentha. N'chifukwa chake shock yamoyo imakhala yofunda mukaikhudza pambuyo poyenda pa msewu wa mabampu, pomwe yakufa imangokhala zii ngati mtsuko wa madzi.

Ambiri amayesa kuti shock ndi ya ulemu chabe, yoti apongozi asagwedezeke pa mpando. Ntchito yake yeniyeni ndi kusunga tayala pansi. Tayala lodumphadumpha limakhala m'malere kwa kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneko silimva buleki, silimvanso chiwongolero. Galimoto ya ma shock akufa imatenga mtunda wautali kuti iime, imazyolika kutsogolo mukaponda buleki, ndipo pokhota imapendekeka ngati ikufuna kugona.

Tsono taganizirani za Mulanje. Ili ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'Malawi muno, ndipo ngakhale m'miyezi yozizira chiperoni chimanyowetsa msewu. Kaya mwadzera ku Thyolo ndi Luchenza, kaya msewu wa Midima wodutsa pa Nkando, kaya wa ku Jali ndi Phalombe, mukafika m'minda ya tiyi mumapeza akabaza, ana asukulu ndi anthu ochokera kothyola tiyi akuyenda m'mphepete mwenimweni mwa tala. Mukapatukira kumidzi ya kutsinde kwa phiri, misewu ndi ya dothi lofiira ndi miyala, ndipo yambiri idakumbika koopsa ndi namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Pamalo otere, mapazi ochepa chabe amene galimoto yapitirira isanaime ndiwo amasiyanitsa kufika bwino ndi kutumiza uthenga wa maliro.

Galimoto zakalezi sadazipange mwachibwana. Peugeot 404 idatuluka mu 1960, ndipo idapambana mpikisano wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, pa misewu yosasiyana ndi yathuyi. Mng'ono wake 504 adabwera mu 1968, naye n'kupambana mpikisano womwewo mu 1975, ndipo ankasonkhanitsidwa ku Kenya mpaka 2004 ndi ku Kaduna m'dziko la Nigeria mpaka 2006. Kampani ya Peugeot inkadzipangira yokha ma shock a galimoto zimenezi kuti ayenerane ndi masipuling'i ake, ndipo kufewa kwake kumene madala amakusimba mpaka lero kudachokera pamenepo. N'chimodzimodzi Land Rover zakale zimene zidakalambira m'maesiteti a tiyi, kapena ka Nissan 1400 kamene kankapangidwa ku South Africa mpaka 2008. Iliyonse ili ndi shock yoyenerana ndi kulemera kwake. Choncho pa kauntala musafunse kuti yolimba ndi iti. Funsani kuti yofanana ndi imene adaikamo eni ake ndi iti.

Shock yolimba mopitirira muyeso imaimanga manja sipuling'i. Nkhonya zonse za msewu zimapita ku thupi la galimoto, ndipo chitsulo cha zaka makumi anayi, chimene dzimbiri lachilawa kale, chimayamba kung'aluka pomwe pamangidwa shock. Pa msewu wa tizigodi tayala limayambanso kudumpha, vuto lomwe lija mumalithawa. Ngati pikiapu ikukhala pansi kumbuyo ilibe katundu, masipuling'i ndiwo atopa, ndipo amenewo ndiwo ofunika kuwasintha. Nawo matumba atatu owonjezera aja, ngakhale mutaika shock ya lole, mabuleki ake ndi omwewo, matayala ake ndi omwewo. Kulemera kumene galimoto idaloledwa kunyamula kudalembedwa pa kachitsulo ka nambala ya chassis, ndipo palibe shock imene imakusintha.

Musanapite ku sitolo, tsimikizani kaye kuti ma shock afadi. Kanikizani ngodya ya galimoto ndi thupi lanu lonse n'kuisiya. Iyenera kukwera kamodzi n'kukhazikika. Ikapitiriza kugwedera, shock ya pamenepo yatha. Kachinyezi ka oyilo pamwamba pa shock si koopsa, koma oyilo wotsetsereka mpaka pansi, womata fumbi, akutanthauza kuti yaboola. Onaninso matayala: akamadyeka mwa zigambazigamba ngati wina amawasema ndi sompho, ndiye kuti akhala akudumpha. Makampani ena opanga ma shock amalangiza kusintha pakatha makilomita 80,000, koma pa misewu ngati ya ku Muloza musadikire nambala imeneyo. Komanso phokoso la gu! gu! pansi pa galimoto nthawi zina limangochokera ku timphira tokhala kumapeto kwa shock, timene amakaniko amati ma bush. Timeneti n'totsika mtengo, ndipo anthu ambiri ataya ma shock amoyo chifukwa cha kamphira kamodzi.

Popita kukagula, tengani nambala ya chassis, chaka cha galimoto ndi shock yakaleyo m'manja. Dzina lakuti 504 palokha silikwanira, pakuti kumbuyo kwa saluni, kwa ija yaitali ya banja ndi kwa pikiapu kudamangidwa mosiyana. Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi. Yezani kutalika kwake zitatambasuka, muyezenso zitapanikizidwa mpaka pamapeto. Yaifupi imakokeka tayala likagwera m'dzenje mpaka kuzula pomangira pake, pomwe yaitali imagunda pansi galimoto ikalemedwa n'kuphwanyika mkati. Onani mitu yake, ngati ili ya bowo lolowa bawuti kapena ya msomali wa mazinga. Kutsogolo kwa 404 ndi 504 shock imakhala mkati mwa mwendo umene amautcha strut, ndipo kawirikawiri mumagula chamkati chokhacho.

Wogulitsa adzakufunsani ngati mukufuna ya oyilo kapena ya gasi. Musasokonezeke, zonse zili ndi oyilo. Ya gasi adangoiwonjezera mpweya wa nitrogen wopanikizidwa, umene umaletsa oyilo kuchita thovu akatentha. Oyilo wa thovu amadutsa m'timabowo tija mosavuta, ndiye shock imafooka pakati pa ulendo. Kwa munthu woyenda kuchokera ku Mangochi kudzera ku Liwonde ndi Zomba mpaka ku Limbuli atasenza, ine ndingasankhe ya gasi wochepa mphamvu, ya mapaipi awiri, lina mkati mwa linzake. Iliponso ya paipi imodzi ya gasi wamphamvu, imene Bilstein adayamba kuika pa Mercedes-Benz mu 1957. Ndi yabwino ndithu, koma ndi yodula, imaumitsa galimoto yakale, ndipo mwala ukaiphwanya pang'ono pisitoni imakakamira, pomwe ya mapaipi awiri paipi yakunja imateteza yamkati. Agogo amene galimoto yawo imangopita ku Ijumaa ndi kuchigayo, ya oyilo wamba ikuwakwanira.

Mayina ngati Monroe, Gabriel ndi KYB ndi odziwika kuno kum'mwera kwa Africa, koma katoni aliyense angathe kuisindikiza. Nambala yolembedwa pa katoni ifanane ndi yodindidwa pa chitsulo. Ndipo mugule awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Shock yatsopano kumanja ndi yotopa kumanzere zili ngati opalasa awiri m'bwato limodzi, wina mnyamata wina nkhalamba.

Tifike pa nkhani yowawa. Ndalama zavuta, ndipo ambiri amathamangira ma shock ogwirapo kale ntchito. Ochotsedwa pa galimoto ina ali bwinobwino angakuthandizeni kwa kanthawi, ngakhale simudziwa mtunda umene ayenda. Koma pali mchitidwe woboola shock yakufa, kuthiramo oyilo wa injini, kuwotcherera bowolo n'kupaka penti yakuda. Pa kauntala imaoneka yolimba chifukwa oyiloyo ndi wokhuthala, koma mphira zamkati n'zothaitha, ndipo pakangopita masabata ochepa imabwerera kumanda kumene idachokera. Yang'anani chipsera cha moto pansi pa penti, ndiponso mpini wonyezimira uja ngati uli ndi dzimbiri kapena mikwingwirima. Mtumiki Muhammad (SAW) adaletsa kubisa chilema cha malonda, ndipo m'malamulo a Chisilamu a zamalonda wogula amene wapeza chilema chobisidwa ali ndi ufulu wobweza katunduyo, umene ma ulama amautcha khiyar al-ayb. Ufuluwo umavuta kuupeza wopanda lisiti, choncho itanitsani lisiti yolembedwa nambala ya shock. Lamuloli ndi mpeni wakuthwa konsekonse: tsiku limene mudzagulitse galimoto yanu, mudzamuuze wogulayo za ma shock ake. Ndipo amene mumawanyamula pamwamba pa matumba popita ku ziyala, ku nikah kapena ku maliro ndi amana m'manja mwanu. Iwo adakwera osayang'ana pansi pa galimoto chifukwa adakhulupirira kuti inu mudayang'anapo.

Kumanga ma shock akumbuyo munthu wodziwa sipanala angathe yekha pabwalo, bola galimoto aitsamiritse pa zitsulo kapena zipika zolimba, osati pa jeke yokha. Ikani ma bush atsopano. Shock ya mapaipi awiri muiimike chilili n'kuipopa kangapo musanaimange kuti mpweya uchoke m'njira za oyilo. Mpini wonyezimira musaugwire ndi pulayasi, chifukwa kachipsera kakang'ono kamadya mphira n'kuyambitsa kudontha. Mabawuti muwamalize kumanga galimoto itatsika, itaima pa matayala ake. Mukawalimbitsa ili m'malere, ma bush amapotoka n'kung'ambika msanga.

Zakutsogolo zisiyireni makaniko amene ali ndi chopanikizira sipuling'i. Sipuling'i yopiringizika ija imasunga mphamvu yoti ikafwamphuka ingathe kuthyola nsagwada kapena kupha munthu, ndipo kuimanga ndi waya kapena chingwe cha nkhokwe ndi kuseweretsa moyo. Akamaliza, mukawongoletse miyendo yakutsogolo, chimene amachitcha alignment, apo ayi matayala atsopano atha musanaone Eid iwiri. Ma shock akale a gasi musawaponye pamoto kapena kuwapatsa ana kuti aziboola, amaphulika.

M'kope lotsatira, Insha Allah, tidzalowanso pansi pa pikiapu yomweyi kukaona mabuleki. Pitirizani kutilembera.

Wassalaam.