Ndalama za fodya ndi funso la mfuti kwa Mwase: Mlimi aganizire chiyani asanagule pisitolo?

Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsegulidwa chakumapeto kwa dzinja, moyo wa m'boma la Kasungu umasintha. Malole odzaza mabelo amayamba kupikisana pa msewu wa M1, mizere imatalika m'mabanki a pa boma, ndipo m'midzi ya kwa Mwase aliyense amadziwa khomo limene lagulitsa bwino. Achifwamba nawo amadziwa. N'chifukwa chake nyengo imeneyi eni maesiteti ndi amalonda ena amayamba kulingalira zokhala ndi mfuti ya m'manja, ndipo funso limene limawavuta kwambiri ndi lakuti agule ya mtundu wanji pa mtengo wosaboola thumba.

Mfuti si yachilendo m'dera lino. Mphamvu za Mwase Kasungu m'zaka za m'ma 1800 zinkadalira malonda a minyanga ya njovu ndi mfuti zimene malondawo ankabweretsa, kufikira pamene asilikali a atsamunda anamugonjetsa kumapeto kwa chaka cha 1895. Koma gogodera wa nthawi imeneyo, woika onga kukamwa, ndi wosiyana kutali ndi pisitolo ya lero, ndipo amene akufuna kugula ayenera kuyamba wamvetsa chimene akulowetsa m'nyumba mwake.

Pisitolo zimene anthu ambiri amazifuna ndi zodzilonga zokha. Munthu akakoka kachitsulo kowombera, chipolopolo chimodzi chimatuluka, ndipo mphamvu ya kuphulikako imataya chikhungwa chotsala n'kulowetsa chipolopolo china kuchokera m'kabokosi kamene kali m'chigwiriro. Zikuluzikulu mwa izo zimakhala ndi mpope wotalika masentimita pafupifupi 11 ndipo zimanyamula zipolopolo zapakati pa 15 ndi 19 za muyeso wa mamilimita 9. Chifukwa cha kulemera kwake, sizikankha dzanja kwambiri powombera ndipo n'zosavuta kulunjika nazo poyerekeza ndi zing'onozing'ono za m'thumba. Vuto lake n'lakuti sizibisika m'malaya, choncho ndi mfuti zokhala pakhomo, osati zoyenda nazo kumsika.

Pa mitundu yodziwika, Glock 17 ya ku Austria imanyamula zipolopolo 17, ndi yopepuka chifukwa thunthu lake ndi la pulasitiki yolimba, koma ilibe kotsekera kakunja kamene mwini angakankhe ndi chala. CZ 75 ya ku Czech Republic, imene inatuluka mu 1975, ndi yachitsulo, yolemera, ndipo ili ndi kotsekerako. Makampani a Canik a ku Turkey ndi Taurus a ku Brazil amapanga zotsikirapo mtengo. Kwa mlimi wa ku Kasungu, dzina la kampani silofunika kuposa mafunso atatu awa: kodi mfutiyo ikukwana m'dzanja mwake, kodi zipolopolo ndi zipangizo zake zimapezeka kwa ogulitsa ovomerezeka m'dziko muno, ndipo kodi ipirira fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha mu Febuluwale? Dziko la Malawi silipanga mfuti zoterezi. Chilichonse chimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chimene kunja amachitcha mtengo wapakati kuno chimadya phindu la mabelo ambiri.

Komabe sitolo si poyambira. Lamulo la mfuti la dziko lino, limene linakhazikitsidwa mu 1967, silipereka kwa nzika ufulu wokhala ndi mfuti mwachisawawa. Munthu amafunsira chilolezo kudzera ku polisi, amafufuzidwa mbiri yake, amafotokoza chifukwa chake, ndipo mfutiyo imalembedwa m'kaundula. Chiphaso chimayenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Wogula mfuti kwa munthu wamba kuseri, ngakhale atachita zimenezo pofuna kuteteza banja lake, wapalamula mlandu wopita nawo kundende.

Chenjezo limeneli n'lofunika ku Kasungu, boma lochita malire ndi Zambia, chifukwa mfuti zosalembedwa zakhala zikuyendayenda m'chigawo chino kwa zaka zambiri. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, inasiya mfuti za AK-47 zosawerengeka. Mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, ena anathawa nazo. Pozindikira vutoli, atsogoleri a mayiko a SADC anasaina pangano lolamulira mfuti ndi zipolopolo mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001. Mfuti yotchipa yogulidwa mumdima ikhoza kukhala kuti inapha kale munthu, ndipo mlanduwo umagwera amene wapezeka nayo.

Ngakhale mfuti yovomerezeka ili ndi mtengo umene sulembedwa pa lisiti. Pisitolo ndi chida chovuta kulunjika nacho kuposa mfuti yaitali, ndipo luso lake limafuna kuyeserera kawirikawiri ndi zipolopolo zodula. Munthu amene anawomberapo kamodzi tsiku logula sangayembekezere kuchita bwino pakati pa usiku, mtima ukugunda, ana akulira m'chipinda china. Ngozi zambiri zimachokera pa chinthu chimodzi chimene ophunzira amaiwala: kuchotsa kabokosi ka zipolopolo sikutanthauza kuti mfuti yatha, chifukwa chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira mumpope.

Palinso nkhani ya kasungidwe. Ku South Africa, lamulo la mu 2000 limafuna kuti wofunsira akhale ndi zaka 21, apambane mayeso a kagwiritsidwe ntchito ka mfuti, ndiponso akhale ndi bokosi lachitsulo lokhoma. Mlimi wanzeru adziikire yekha muyeso womwewo. Mfuti yosungidwa pansi pa pilo imafikiridwa ndi mwana, mlendo kapena wantchito, ndipo mbava zikamva kuti pakhomo pali pisitolo zimakhala ndi chifukwa chachiwiri chobwerera.

Choopsa chachikulu, komabe, chimakhala m'nyumba momwemo. Kafukufuku wa Arthur Kellermann ndi anzake, amene anafalitsidwa ku America mu 1993, anapeza kuti m'nyumba zokhala ndi mfuti chiopsezo chakuti wina aphedwe chinali chokwera pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo anali wachibale kapena wodziwika. Kasungu si America, koma nyengo ya fodya ili ndi mikangano yake: ngongole za zipangizo zimene kampani imadula mlimi asanaone kalikonse, mikangano ya malipiro pa esiteti imene sinathe ngakhale lamulo la mu 2021 linathetsa utenanti, mowa wa pambuyo pa okushoni, ndi maukwati ogwedezeka ndi ndalama. Apolisi akhala akudandaula za kuchuluka kwa amuna odzipha, ena chifukwa cha ngongole. Pamalo otere, mfuti imasandutsa mkwiyo wa mphindi imodzi kukhala maliro. Ndiponso lamulo limalola kudziteteza molingana ndi chiopsezo: kuwombera mnyamata amene akuthawa ndi ndindi za fodya kuchokera m'chigafa ndi mlandu wakupha.

Chimene chimakopa achifwamba ndi ndalama zogona m'nyumba. Malipiro a fodya amalowa kubanki, ndipo chiopsezo chimayamba pamene mlimi watapa zonse tsiku limodzi kuti alipire antchito. Kulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kutapa pang'onopang'ono, kuika magetsi a dzuwa pabwalo, kuweta agalu, ndi kulimbikitsa magulu a chitetezo cha m'mudzi ogwirizana ndi polisi, zonsezi pamodzi n'zotsika mtengo kuposa pisitolo imodzi.

Alipo ena, makamaka okhala pa maesiteti akutali ndi polisi, amene ataganizira zonsezi adzaonabe kuti mfuti ndi yofunika. Amenewo adutse ku polisi, aphunzire kwa wodziwa, agule bokosi lokhoma asanagule mfuti, ndipo akambirane ndi apabanja awo. Kusankha pakati pa Glock ndi CZ kubwere pomaliza.