MALANGIZO KWA ALEMBI A M'MIDZI: Buku la Ngongole Likasowa m'Foni

Inu alembi a banki m'khonde ndi a makomiti a asodzi kwa Mwadzama, tamverani. Ena a inu masiku ano mulemba maina a anthu ndi ngongole zao m'foni ndi kuzisunga pa Google Drive. Kuteroko nkwabwino, pakuti foni ikagwera m'nyanja kapena ikabedwa pamsika wa Benga, zolembazo zitsala m'makompyuta a kampaniyo kutali. Koma nkhokwe imeneyi ili ndi malamulo ake, ndipo wosawadziwa adzalira.

Lamulo loyamba ndi ili: mukafufuta buku mwangozi, silitayikiratu ai. Lipita kudzala lotchedwa Trash, m'mafoni ena Bin. Kuyambira mu Okutobala 2020, Google isunga za kudzalako masiku 30 okha, pambuyo pake izitaya yokha. Tsono mukaona kuti buku lasowa, musadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Tsegulani Drive tsiku lomwelo, lowani ku Trash, sankhani bukulo ndi kudina Restore. Lidzabwerera pamalo pake. OneDrive ya Microsoft nayonso ipatsa munthu wamba masiku 30.

Lachiwiri: buku lili lonse pa Drive lili ndi mwini wake, ndiye amene analiyamba. Angakhale aligawire anzake khumi, kulibweza kudzala nkwa iye yekha, ndipo akalitayiratu onse khumi aja atsala manja lende. Musalole kuti ngongole za mudzi wonse zikhale mu akaunti ya mnyamata mmodzi amene mawa adzapita ku Joni. Bungwe litsegule akaunti yakeyake, ndipo mau achinsinsi olowera awadziwe apampando ndi asungichuma.

Lachitatu: kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse za m'katimo. Muzilowamo kawirikawiri, angakhale nyengo imene bungwe lapumula.

Lachinai: malo aulere ndi 15 GB, ndipo Drive, Gmail ndi Google Photos zigawana malo omwewo. Mukadzazamo makanema a ukwati, zolemba zatsopano sizidzalowa, inu nkumayesa kuti zasungika.

Taganizani za mai amene anabweza ngongole yake yonse atagulitsa mpunga, koma umboni wake unatha pa tsiku la 31. Mlandu wotere uvuta ngakhale pabwalo la amfumu, ndipo udanitsa abale. Chifukwa chake pakutha pa msonkhano uli wonse, koperani ziwerengero m'buku lapepala, anthu awiri asaine, ndipo mulisunge m'pulasitiki pamalo posafika madzi ndi chiswe. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Amene mwawerenga mau awa, kauzeni anzanu amene sanaone nyuzi ino.