Khadi la Chipani ndi Chikumbumtima

Omvera athu a ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Chulu, tisanalowe pulogalamu yotsatira, tikumbutsane nkhani imene ambiri sakonda kuitchula. Mu Okutobala 1967, boma la a Kamuzu Banda, mwana wa kuno kwathu, linaletsa chipembedzo cha Mboni za Yehova. Mlandu wawo unali kukana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party. Achinyamata a chipani ndi a Payoniya anawatenthera nyumba, kuwamenya, kugwirira amayi, ena kuwapha kumene. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti achotsedwe ntchito, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Pambuyo pake ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka, ku Dowa.

Khadilo silinali lodula. Mlimi aliyense wa fodya akanatha kuligula. Koma a Mboni ankati chikumbumtima chawo sichikuwalola, ndipo anapirira zaka 26. Kaya mumagwirizana ndi chiphunzitso chawo kaya ayi, kulimba mtima koteroko n'koyenera ulemu. Chiletsocho chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993. Agogo ambiri m'midzi mwathumu anaziona ndi maso awo. Afunseni akadali moyo.