Kodi Munthu ndi Sikelo ya Wamalonda?

Pali chiphunzitso china chimene chinamera m'masukulu aukachenjede a ku America, ndipo lero chikulankhulidwa ngati nzeru zozama. Chimati chilichonse chimene munthu achita, amayamba waŵerengera phindu lake. George Homans, m'buku lake la mu 1961, anafotokoza kukhalirana kwa anthu ngati msinthano wa mphotho ndi zotayika. Gary Becker, katswiri wa zachuma, anafika nacho mpaka pa ukwati ndi kubereka ana m'buku lake la mu 1981, ndipo mu 1992 analandira mphotho ya Nobel. Ife tikuchikana chiphunzitsochi.

Sitikunena kuti mulibe choonadi m'menemo. Munthu akasiya khasu m'munda kukakumba nawo manda, m'mtima amadziŵa kuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Koma kodi nkhani yonse yathera pomwepo?

Max Weber, amene anamwalira mu 1920, anaona patali kuposa apa. Iye anati kuti timvetse chochita cha munthu, tiyenera kufunsa tanthauzo limene mwini wakeyo wachipatsa. Anasiyanitsa mitundu inayi: kuchita poŵerengera cholinga ndi njira yake, kuchita chifukwa chokhulupirira kuti chinthucho ncholungama, kuchita motengeka mtima, ndi kuchita mwa chizoloŵezi cha makolo. Kuŵerengera phindu kumapezeka mu mtundu woyamba wokha. Talcott Parsons naye mu 1937 anafunsa funso loti: ngati aliyense angotsata phindu lake, nchiyani chingamletse kunama ndi kulanda pamene kuterokonso kuli ndi phindu? Yankho lake linali lakuti anthu amakhala mwabata chifukwa pali zina zimene onse pamodzi amazilemekeza.

Tiyeni tipite ku ndende ya Auschwitz m'chaka cha 1941. Mkaidi wina atathaŵa, asilikali anasankha amuna 10 kuti afe ndi njala. Mmodzi mwa iwo, Franciszek Gajowniczek, analira potchula mkazi ndi ana ake. Bambo Maximilian Kolbe anatuluka pamzere napempha kufa m'malo mwake, ndipo anaphedwa pa 14 Ogasiti. Gajowniczek anakhala ndi moyo mpaka 1995, ndipo analipo ku Roma pamene Papa John Paul II anatchula wansembeyu kuti ndi woyera mu 1982.

Akatswiri athu aja adzayankha kuti Bambo Kolbe anagula mtendere wa mumtima, kapena malo kumwamba. Apa ndiye pagona chinyengo. Ngati mbala ndi woyera onse akutsata "phindu", mawuwo sakutiuzanso kanthu, pakuti alephera kusiyanitsa wolanda ndi wopereka moyo wake.

Choopsa nchakuti chiphunzitso chimaumba ochimva. Mwana akaphunzitsidwa kuti chikondi ndi malonda obisika, tsiku lina adzaŵerengera mtengo wodwazika mayi wake wokalamba. Maphunziro a kakhalidwe ka anthu apite patsogolo, koma maziko ake akhale munthu wathunthu, wokhala ndi chikumbumtima, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu.