Kamera nayo iyesedwe isanagulidwe

Mlimi sagula ng'ombe yapangolo asanaione ikuyenda. Koma ojambula zithunzi ambiri a ku Katoto mumzinda wa Mzuzu amagula kamera mwachimbulimbuli. Amatumiza ndalama kwa m'bale ku Johannesburg kapena kwa wamalonda wopita ku Dar es Salaam, basi n'kumadikira chomwe chitsike m'basi.

Kwa anzawo akunja sizili choncho. Pachionetsero cha CP+ ku Yokohama m'dziko la Japan, makampani monga Canon, Nikon ndi Sony amayala makamera ndi malenzi atsopano, aliyense n'kumagwira, kujambula ndi kufunsa. M'dziko muno chionetsero chachikulu cha zamalonda chimachitikira ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, makilomita oposa 600 kuchokera ku Mzuzu.

Zikavuta, olira ndi mabanja. Lenzi yakale imamera nkhungu m'kati, makamaka ndi chinyezi cha ku Mzuzu, ndipo zithunzi zimatuluka ngati zajambulidwa m'chifunga. Wojambula amadzatulukira izi ukwati wa eni utatha, perekaniperekani atawerengedwa kale. Ukwatitu sabwereza ati chifukwa zithunzi zada. Ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kugula lenzi ina si masewera.

Bungwe la Photographers Association of Malawi lingathe kukambirana ndi ogulitsa kuti kamodzi pachaka azibwera ndi katundu wawo pabwalo la Katoto, pomwe andale amachititsira misonkhano. Ngakhale makamera akaunjika abwere, bola wogula ajambule kaye, aone zithunzizo pakompyuta, kenako atulutse ndalama.