Chidole Chimenecho Mwagulira Ndani?

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi mlandu, ndipo oimbidwa mlanduwo ndife tomwe: makolo, amalume ndi azakhali.

Kuno ku Mangochi, Eid kapena Khirisimasi ikayandikira, misika imadzaza zidole zowala. Abale ochokera ku Joni nawonso amatsika basi ndi zikwama za zoseweretsa. Tinene zoona, ambirife posankha chidole sitiona mwana, timaona maso a aneba. Tikufuna chophethira magetsi, choimba, choti a khomo linalo adziwe kuti kuno ndalama ilipo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tatembenuzani chidole choimbacho. Nthawi zambiri mupeza kabatire kozungulira ngati batani. Mwana akakameza, n'kutsakamira kum'mero, kamatha kuwotcha mnofu m'maola 2 okha. Inu a ku Makanjira, maola amenewo mungakhale mutafika pachipatala cha pa boma? Ngati pokhala kabatirepo sipanamangidwe ndi sikuluwu, chisiyeni kwa mwini wake.

Onaninso pa katoni. Kankhope kachisoni kali m'bwalo lofiira lodulidwa ndi mzere, pambali atalemba 0-3, si kokongoletsa ayi. Kakukuchenjezani kuti chidolecho si cha mwana wosakwana zaka 3. Mwana wa msinkhu umenewu chilichonse amachiyesa ndi pakamwa: diso la chidole, tayala la kagalimoto, mkanda, chidutswa cha baluni yophulika. Musandiuze kuti "wangayu ngochenjera." Nzeru sizikulitsa kum'mero.

Nanga mfuti zowombera timipira zija? Mwapatsa mwana wa zaka 5, mawa muzidabwa mng'ono wake atatupa diso? Asa!

Ife a m'mbali mwa nyanja tilinso ndi msampha wathuwathu: machubu opopa amawangamawanga aja. Chimenecho n'choseweretsa basi, sichipulumutsa munthu m'madzi. Mwera ukakuntha umakankhira mwana kwakuya, inu maso ali pa Facebook.

Wina ati, "Ndiye ana athu azingosewera ndi dothi ngati ife kale?" Sindikuti za kusitolo zonse n'zoipa, kapena zopanga tokha zonse n'zabwino. Galimoto ya mawaya imabaya ngati nsonga zake sizinapindidwe, ndipo legeni yaboolapo maso. Koma ng'ombe ya dongo, mpira wa chikulunga, masanje, phada ndi bawo zinatiphunzitsa kuumba, kuwerengera ndi kugonja osalira. Chidole cha batire chimasewera chokha, mwana n'kumangoonerera. Ndiye wasewera ndani pamenepo?

Musanatulutse ndalama, chigwireni, chikokeni, chigwedezeni, wogulitsa akwiye ngati akufuna. Chikathothoka m'manja mwanu, dziwani kuti m'kamwa mwa mwana chikathothokanso. Mukatero, mukumbukire zaka za mwanayo, ndipo mudzifunse funso limodzi ili: kodi ndikugulira mwana wanga, kapena aneba?