Mfuti Yosungidwa Mosasamala ndi Tsoka la Mudzi Wonse

Kwa Changata, monganso m'madera ena ozungulira minda ya tiyi ku Thyolo, anthu amene ali ndi mfuti mololedwa ndi boma ndi owerengeka: ena mwa eni magolosale, alimi opeza bwino ndi akuluakulu a m'maesiteti. Ambiri a ife sitidzaigwirapo mfuti m'moyo mwathu. Komabe nkhani ya kasungidwe kake ikutikhudza tonse, pakuti mfuti ikabedwa sibwerera kukalasa mwini wake yekha. Imakalasa mlonda wa usiku, mayi wochokera kokalandira malipiro a kuthyola tiyi, kapena wamalonda wobwerera kumsika.

Njinga ikabedwa, woluza ndi mwini wake basi. Mfuti ndi katundu wa mtundu wina: ndi yodula, yosavuta kubisa, ndipo ikasamalidwa imagwira ntchito zaka makumi angapo. Nchifukwa chake mbava zikamva kuti m'nyumba yakuti muli mfuti, sizithawa nthawi zonse. Zina zimabwera kudzafuna mfutiyo.

Mbiri yathu idatiphunzitsa kale zimenezi. Nkhondo ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977, idatha pa 4 October 1992 ndi mgwirizano wa ku Rome, umene adathandiza kuukonza a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa Beira. Nkhondo idatha, koma mfuti zidatsala m'manja mwa anthu, ndipo zina zidawoloka malire amene kuno kwathu ndi mtsinje wa Ruo chabe. Mu December 1993 asilikali athu adalanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa a Payoniyawo adathawira ku Mozambique. M'zaka zotsatira, umbava wa mfuti udasowetsa anthu tulo m'matauni ndi m'midzi momwe. Zida zambiri zimene zidatiliza zidali ndi eni ake poyamba. Zidangochoka m'manja oyenera.

Pozindikira izi, mu August 2001 atsogoleri a maiko a SADC adasaina mgwirizano woletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo, ndipo adausainira ku Blantyre konkuno. Lamulo lathu la mfuti, la chaka cha 1967, sililola munthu kukhala ndi mfuti popanda chilolezo. Ku South Africa, kumene kuli ana athu ambiri, lamulo la chaka cha 2000 limafuna kuti mwini mfuti akhale ndi sefa yoisungiramo. Koma lamulo silingalowe m'chipinda cha munthu usiku. M'menemo mumalamula chikumbumtima.

Nanga kusunga bwino nkutani? Mfuti isakhale kunsi kwa matiresi, kuseri kwa chitseko, kapena m'galimoto. Ikhale m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma kapena pansi, lomwe wakuba sangalinyamule. Ikhale yopanda chipolopolo m'kati, ndipo zipolopolo zitsekeredwe pamalo ena. Makiyi akhale ndi mwini chilolezo yekha, kutali ndi ana ndi antchito. Nambala yodindidwa pa mfutiyo ilembedwe ndi kusungidwa padera, kuti ikabedwa apolisi auzidwe tsiku lomwelo ndipo adziwe chimene akufunafuna. Wopita ulendo wautali akambirane ndi apolisi za kasungidwe kake, m'malo moisiya ndi mbale wopanda chilolezo.

Loko wamkulu koposa ndi pakamwa. Mfuti zambiri zimaululidwa ndi eni ake pamowa, kapena pojambulitsa nazo zithunzi za pa Facebook. Mawu olankhulidwa pa bawo madzulo amafika kutali kusanache.

Pali vuto lina limene sitilitchula kawirikawiri. Bambo akamwalira, mfuti yake imatsala m'nyumba ngati chuma chamasiye. Chilolezo chidali cha malemuyo, sichipita kwa mkazi kapena mwana ngati mmene imapitira wailesi. Mayi wamasiye wosunga mfuti yotere ali pangozi ziwiri: ya mbava ndi ya mlandu. Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, inu amene mumakhala pafupi ndi mabanja ofedwa, alangizeni mwachinsinsi kuti akaipereke kupolisi, ndipo aperekezeni pamodzi ndi a mfumu.

Mpingo sukana kuti munthu ateteze moyo wake ndi wa banja lake. Koma lamulo lachisanu, loletsa kupha, limatifunsanso za imfa zobwera chifukwa cha kusasamala kwathu. Ku Mozambique, kuyambira mu 1995, Episkopi wa Anglican Dinis Sengulane adalimbikitsa anthu kupereka mfuti ndi kulandira makasu, njinga ndi makina osokera. Ifenso tinene mosabisa: amene sangathe kuisunga mfuti motetezeka, asaisunge konse. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tisadikire maliro kuti tiyambe kukhoma bokosi.